Brian Eno sadziwa kuimba gitala bwino, nanga anatchuka bwanji?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amapanga mabiti pa laputopu. Akuti akulu ake amamuseka kuti munthu wosadziwa gitala kapena kiyibodi asamadzitche katswiri wa nyimbo. Ndiye wamva za Mngelezi wina, Brian Eno, amene amadzinena yekha kuti si woimba, koma anajambula zimbale za magulu akuluakulu. Funso lake ndi lakuti: kodi zimenezi n'zoona, ndipo zinatheka bwanji?

Achimwene, n'zoona, koma musathamange kukauza akulu anuwo kuti mwawapeza. Nkhaniyi ili ndi mbali imene ingakukomereni ndi ina imene ingakuwaweni.

Eno anabadwa mu 1948 ku Suffolk, kum'mawa kwa England. Sanapite kusukulu ya nyimbo. Anaphunzira zaluso lojambula zithunzi ku Ipswich kenako ku Winchester, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kusewera ndi makina ojambulira mawu pa tepi: kubweza tepi chammbuyo, kuichedwetsa, kuidula n'kuilumikiza pena. Atalowa gulu la Roxy Music mu 1971, poyamba sankakwera n'komwe pansanja. Ankakhala kumbuyo kwa holo pa mikisa, mawu a gitala ndi a saxophone a anzake akudutsa mu synthesizer (chida chamagetsi chopanga ndi kusintha mawu) yotchedwa VCS 3, iye akupotokola timabatani. Pambuyo pake anakwera pansanja atavala nthenga ndi kudzola zodzoladzola, anthu n'kuyamba kumuchemerera mwina kuposa mwini gulu, Bryan Ferry. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mu 1973, atatulutsa zimbale ziwiri, Eno anachoka.

Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake chinabwera mu 1975. Anagundidwa ndi takisi ku London n'kukhala chigonere. Mnzake wina anamubweretsera mbale ya nyimbo zakale za zeze wa azungu. Mbale ija itayamba kulira, mawu anali otsika kwambiri, sipika imodzi yafa, kunja mvula ikugwa, ndipo iye analibe mphamvu zodzuka kuti akakweze. Anangogona n'kumamva nyimbo ija ikusakanikirana ndi phokoso la mvula. Apa ndi pamene anaganiza zopanga nyimbo zimene sizikukakamiza kuti uzimvetsere, zongokhala m'chipinda limodzi nawe. Anazitcha ambient, ndipo chimbale chimene chinakhazikitsa dzinali ndi Music for Airports cha mu 1978, chimene anachiganizira akudikira ndege pabwalo la Cologne ku Germany.

Mmene anapangira nyimbo imodzi ya m'chimbalechi ndi zimene ndikufuna muzimvetse, chifukwa zikufanana ndi zimene mumachita pa laputopu yanuyo. Anajambula anthu akuimba liwu limodzi lokha, lalitali. Liwu lililonse analiika pa tepi yakeyake, n'kulumikiza nsonga ziwiri za tepiyo kuti izingozungulira. Matepi ena anali aatali moti ankawakoleka pa miyendo ya mipando ya mu situdiyo. Popeza kutalika kwake kunali kosiyana, liwu lina linkabweranso msanga, lina mochedwa, ndipo sankakumana mofanana kawiri. Palibe chala chimene chinathamanga pa kiyibodi pamenepo. Ntchito inali kusankha liwu, kusankha utali wa tepi, n'kudziwa pamene zakoma kuti asiye. Chachitatuchi ndiye chimavuta anyamata ambiri a mabiti: amangowonjezera mpaka nyimbo kubanika.

Tsopano mbali yowawa ija. Mawu akuti si woimba ndi onyenga pang'ono. Eno amaimba ndi pakamwa, ndipo pa zimbale zake zoyamba ndi iye amene akutsogolera. Amagwiranso kiyibodi mokwanira kupeka nyimbo. Komanso sankagwira ntchito yekha. Gitala ya pa zimbale zake zambiri ndi ya Robert Fripp, ndipo Phil Collins anamuimbirako ng'oma mu 1975. Ankadziwa kuti zala zake sizingafike pamene zala za anthu amenewa zimafika, ndiye ankawaitana. Akulu anu sakunama kwenikweni.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu amalakwitsa pa intaneti. Zimbale zitatu za David Bowie, woimba wa ku England, zimene zimatchedwa za ku Berlin, za pakati pa 1977 ndi 1979, polodyusa wake sanali Eno. Anali Tony Visconti pamodzi ndi Bowie mwiniwake. Eno anathandiza kupeka ndi kuimba ma synthesizer.

Upolodyusa wake weniweni unaonekera pa gulu la ku New York la Talking Heads, limene anajambula nalo zimbale zitatu kuyambira 1978. Chachitatu, Remain in Light cha mu 1980, chinamangidwa pa kaimbidwe ka Fela Kuti wa ku Nigeria, amene Eno wakhala akumutamanda poyera kwa zaka zambiri. Gululi linkangoimba kwa nthawi yaitali popanda nyimbo yokonzeratu, kenako n'kusankha tizigawo tokoma n'kumatibwereza, mawu oimba kubwera pomaliza. Ine ndimaona kuti chimbalechi n'chabwino koposa zonse zimene anagwirapo, koma ndimaonanso kuti chinapatsa Eno ndi David Byrne, wotsogolera kuimba m'gululi, ulemu wochuluka kuposa umene anzawo a m'gululi analandira. Woimba besi ndi woimba ng'oma anadandaula ndi mmene mayina a opeka nyimbo analembedwera pachikuto. Inu amene mumajambula ndi anzanu m'chipinda chogona, gwirizanani za mayina nyimbo isanatuluke. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Eno anapitanso ku Accra kumene anajambula gulu la ku Ghana la Edikanfo, ndipo mu 2011 anathandiza kujambula chimbale cha Seun Kuti, mwana wa Fela.

Ndalama zenizeni zinabwera ndi gulu la U2 la ku Ireland. Poyamba Eno ankakana, ndipo a kampani ya Island, imene inkatulutsa zimbale za U2, ankaopa kuti awononga gulu lawo. Anavomera atatenga mnzake wa ku Canada, Daniel Lanois, amene ndi katswiri wa gitala, ndipo awiriwa anajambula zimbale za mu 1984, 1987 ndi 1991. Pojambula cha mu 1987, nyimbo yotsegulira inawadyera nthawi yambiri moti Eno anafuna kufufuta tepi yonse kuti ayambirenso, n'kunamizira ngozi. Injiniya wa mu situdiyo anamupeza atatsala pang'ono kutero n'kumuletsa. Nyimboyo inakhala imodzi mwa zotchuka kwambiri za gululi. Khutu labwino nalo limasokera.

Zina ndingodutsamo. Ali ndi makhadi amene anapanga ndi Peter Schmidt mu 1975, olembedwa malangizo achilendo oti muzitola limodzi ntchito ikaima. Anajambula chimbale cha gulu la Coldplay chimene chinatuluka mu 2008. Ndipo ngati munagwiritsapo ntchito kompyuta ya Windows 95, kanyimbo ka masekondi ochepa kamene kankalira ikamayaka ndi kake. Anapanga tinyimbo 84 kuti asankhepo kamodzi, ndipo anatipangira pa kompyuta ya Mac.

Munafunsanso koyambira. Ikani nyimbo ya Fela Kuti ya m'zaka za m'ma 1970, kenako chimbale cha Talking Heads cha mu 1980 chija. Tsatirani gitala imodzi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muone kuti ikusintha kangati. Mukatero mupeze mnzanu wodziwa besi, mumujambule mphindi khumi, mudulepo masekondi anayi.