Mahatchiwo asachoke pakhola, ulendo wa Loweruka ulekeke

Achimwene, mwati pakhola loyandikana ndi komwe mumagwira ntchito hatchi ina yapezeka ndi EHV-1, kachirombo kopatsirana ka mahatchi, ndipo abwana akufuna kubayitsa katemera mawa kuti Loweruka mupite kumpikisano. Chonde akambireni mwaulemu kuti ulendowo ulekeke.

Katemerayu amachepetsa chimfine komanso kupoloza kwa mahatchi a bere, koma sateteza pamene kachiromboka kalowa mumsana ndi mu ubongo. Apo m'pamene hatchi imayamba kudzandira miyendo yakumbuyo, mkodzo n'kumangodontha, mpaka kulephera kudzuka. Mu February 2021 matendawa anabuka pampikisano ku Valencia, ku Spain. Mahatchi ena anali atabwerera kale kwawo nthendayo isanadziwike, n'kukaifalitsa. Bungwe la FEI, loyendetsa mipikisano ya mahatchi padziko lonse, linaimitsa mipikisano m'mayiko 10 a ku Ulaya, ndipo mahatchi 18 anafa.

Chimene chingakupulumutseni ndi kuyeza kutentha kwa thupi, m'mawa ndi madzulo, hatchi iliyonse, n'kumalemba. Thupi limayamba kutentha mamina asanatuluke, nthawi zina kwa kanthawi kochepa, ndiye mukadumphitsa tsiku simuona kanthu. Ikapitirira madigiri 38.5, ipatuleni pomwepo, muitane dokotala wa ziweto adzatenge mamina ndi magazi. Ikhale payokha masiku 21 mpaka 28 monga adokotala anganenere, ndipo ina ikadwala, kuwerenga masiku kumayambiranso. Pasalowe kapena kutuluka hatchi iliyonse.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi inuyo, osamalira mahatchi. Anthu sadwala matendawa, komabe timawanyamula m'manja, pazovala ndi pansapato. Kuchezerana ndi anzanu a khola linalo, kubwerekana ndowa, bulashi kapena zingwe, zonsezi zidikire kaye; ndikudziwa kuti kutali ndi kwathu anzathuwo ndiwo abale, koma muziimbirana foni. Hatchi iliyonse ikhale ndi ndowa yake, ndipo paipi isamaviikidwe m'madzi pothira. Yodwalayo muziisamalira pomaliza, kenako kusintha ovololo ndi kusamba m'manja. Pochapa ziwiya, yambani mwachotsa ndowe ndi litsiro, chifukwa Jik sagwira ntchito pa zauve. Sungunulani muyeso umodzi wa Jik m'miyeso 10 ya madzi.

Mahatchi a bere muwaike kutali kwambiri. Ina ikapoloza, valani magolovesi, mwana wakufayo ndi zonse zatuluka naye muzikulunge bwino, musunge kuti adokotala akaziyeze.