"Usiku ndimangodzitukwana ndekha": yankho kwa mayi a ku Lizulu

Mayi ena a ku Lizulu andilembera imelo. Anatenga ngongole ku banki m'khonde n'kulima tomato, koma pokolola aliyense anali atandalika madengu ake m'mbali mwa msewu wa M1, mtengo n'kugwa. Ngongole ikadalipo. Akuti akangogona, mumtima mumayamba mawu: "Ndiwe chitsiru, palibe chimene ungaphule, anzako akufolera malata iwe uli pomwepo." Akufunsa kuti mawu amenewa angawaletse bwanji, nanga kudzilankhula mokoma si kudzinamiza kodi?

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo. Mukadzuka m'mawa n'kumati "ine ndine katswiri wa geni" pamene anzanu a kubanki akudikira ndalama zawo, mtima wanu ukana, ndipo ukhala ukunena zoona. Koma nawonso mawu akuti "ndine chitsiru" ndi bodza, kungoti bodza limeneli mwalizolowera. Kodi tomatoyo anamera yekha? Anafesa nazale ndani, kuwokera, kuzika mitengo, kupopera mankhwala a chiwawu? Chitsiru sichifikitsa tomato pamsika. Chinakugwetsani ndi mtengo, umene umagwa nthawi iliyonse katundu akachuluka pa Lizulu, Tsangano ngakhale Bembeke.

Dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Aaron Beck, anaona m'zaka za m'ma 1960 kuti anthu ovutika maganizo amakhala ndi mawu ongotulukira okha m'mutu, ndipo amawakhulupirira osawafunsa n'komwe. Chalakwika chimodzi, munthu akuti "nthawi zonse", "palibe", "ndinabadwa watsoka". Njira imene anayambitsa ikugwiritsidwabe ntchito: ganizolo lilembeni, kenako liimikeni pabwalo ngati mlandu wa kwa amfumu. Mboni zake ndani? Nanga zotsutsa? Mukatero lembani chiganizo china chimene mboni zonse zingavomereze, monga: "Chaka chino ndaluza chifukwa ndinakolola pamodzi ndi aliyense. Zikundiwawa. Ngongole ndibweza pang'onopang'ono." Sichikoma kwenikweni, koma munthu angathe kugona nacho.

Mawuwo musalimbane nawo kuti asabwerenso. Ganizo ukamalithamangitsa ndi pamene limakakamira. Likabwera ingonenani kuti "labweranso lija", n'kuliyankha.

Chinanso, tamverani bwino mawuwo: ndi a ndani? Ambirife tinakula tikumva "mwana wopanda nzeru iwe" kwa aphunzitsi, azakhali, pena mwamuna wa m'nyumba momwemo. Eni ake anaiwala kalekale, ena anatisiya, ife tikuwapitirizira ntchito. Ndiye poti timaopa kutchedwa odzimva, timayesa kudzinyoza ndiwo ulemu. Ine ndikukana. Mnzanu wa pabanki atalira kuti waluza, mungamuuze kuti ndi chitsiru? Mungamukhazike pansi, kumuthira tiyi, n'kuwerengera naye zotsala.

Mu 2014 katswiri wa za maganizo Ethan Kross ndi anzake a ku yunivesite ya Michigan ku America anapeza kuti munthu akamadzilankhula podzitchula dzina m'malo mwa "ine", mtima umakhazikika msanga pa zinthu zothetsa nzeru. Kwathu kuno n'zosavuta, tili ndi mfunda. Ngati ndinu Nangozo kapena Naphiri, yesani: "Anangozo, mwatopa. Gonani, mawa tikaonane ndi a komiti." N'kovuta kutukwana munthu amene wangomutchula mwaulemu chonchi.

Koma ngati patha masabata awiri kapena kuposerapo tulo osabwera, nsima osailakalaka, kudimba osafunako, makamaka ngati mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire kuti kope ndi cholembera zikuchizeni. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza mukafunse oona za matenda a maganizo. Ku Lilongwe kulinso a St John of God, amene amathandiza ovutika ndi matenda a maganizo. Za ngongolezo, pitani kumsonkhano wa banki sabata ino ndi kangachepe kamene muli nako, mukapemphe kuti akutalikitsireni nthawi yobwezera.