Yankho la malume pa nkhani ya ana ndi Chichewa

Mwanawe, voisi yako ndaimva, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pompano kuti abale ako amve nawo. Wafunsa ngati kuli kulakwa kusiya kuwayankhula ana Chichewa pakhomo, poti ku Leeds ku England komweko anzawo akumawaseka kusukulu, komanso iweyo akukweza pantchito ndiye amene ukucheza nawo pano ndi ena. Za kukwezedwako ndakondwa kwambiri, unesi wa usiku zaka zonse zija palibe anakugwirira, ndipo amene akuti wayamba kudzimva asiye azinena, akakhala ndi vuto amaimbira iwe yemwe.

Koma za anazo ine ndikukana.

Taona Kamuzu, ife tinakula tikumuona ndi maso. Anachoka ku Kasungu ali kamnyamata, wapansi mpaka ku Hartley ku Rhodesia, kenako kumigodi ya ku Joni, 1925 n'kupita ku America, udokotala n'kutengera kusukulu ya Meharry komweko mu 1937, n'kukaonjezera ku Edinburgh mpaka kumachiza azungu ku London. Pali mwana wa m'mudzi anakwera kuposa apo? Koma atatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958, patatha zaka zoposa 40, pamsonkhano iye ankalankhula Chingerezi, a John Msonthi ali pambali kumasulira, kenako anadzakhala a John Tembo. Mpaka anthu kumanong'onezana kuti eee ameneyu si mwana wa ku Kasungu uja ai. Munthu ali kwawo koma akumukayikira. Ndipo ndi yemweyo amene mu 1968 anaika Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ine ndimaona ngati chinthucho chinkamudya mumtima. Nanga iyeyo anali ndi omasulira a boma, ana akowo adzawamasulira ndani?

Lamlungu lija unaimba vidiyo ndinali pomwepo. Agogo ako anasamba, n'kuvala chitenje chatsopano chija unatumiza, n'kukhala pamkeka kudikira foni. Mwana wamkulu uja anati hello granny basi n'kumayang'ana iwe, agogo n'kufunsa kuti mwadzuka bwanji ambuyanga, mwana zii. Anaseka agogo, n'kundibwezera foni n'kumati bwana wakula, koma atalowa m'nyumba nsima sanadye. Sindikunena kuti umve chisoni ai, ndikungokuuza zimene kamera sinakuonetse.

Komanso kumbuka kuti kwathu kuno ana ako ndi mbumba yanga. Ine ndikadzapita, abale ako akadzapita, mnyamata wakoyo ndi amene adzakhale malume, pamaliro adzafunika aime alankhule, pankhani ya munda wa kudambo uja a mfumu adzafunsa iye. Ndiye adzaime pamanda a amayi ake ndi womasulira?

Chingerezi usachidandaule, kusukulu, pa TV, m'basi, paliponse chiwapeza chokha. Chichewa ndiye pakhomo pako pokha, ukatseka pakamwa iwe chathera pomwepo. Kusekedwako ndikudziwa kumawawa, pita ukaonane ndi aphunzitsi awo, imeneyo ndi ntchito yawo. Koma pakhomo uziwatuma m'Chichewa, tenga madzi, tseka chitseko, bwera udzadye, ngakhale aziyankha Chingerezi zilibe kanthu bola khutu lizolowere. Ine Loweruka lililonse ndizitumiza voisi ya nthano imodzi, uziwaikira amvetsere asanagone. Ndipo holide ya August ukabwera usawasiye ku Lilongwe, abwere kuno agone kwa agogo awo. Lamlungu uimbenso tikaweruka kutchalitchi, foni ikhala ndi ine.