Mapulogalamu achuluka, yabwino ndiipeza bwanji?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti ankafuna pulogalamu yolembamo ndalama zomwe amawononga pamwezi, koma atafufuza pa Google Play panatuluka mapulogalamu ankhaninkhani ofanana nkhope, mpaka anangotseka foni. Akufunsa kuti njira yabwino yosakira ndi iti.

Mayi, simuli nokha. App Store ya Apple itatsegulidwa mu 2008 munali mapulogalamu pafupifupi 500 okha. Lero sitolo imeneyi komanso Google Play, iliyonse ili ndi opitirira miliyoni imodzi.

Kabokosi kofufuzira ka m'sitolomo ndi kabwino mukakhala kuti dzina mukulidziwa kale. Koma ngati mukungodziwa chosowa chanu, kamakusocheretsani. Yomwe yakhala pamwamba nthawi zambiri eni ake alipira kuti ikhale pamenepo. Apple inayamba kugulitsa malowa mu 2016, ndipo Google nayo imachita zomwezo. Muziyang'ana kamawu kakuti Ad kapena Sponsored, mwina kamalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono.

Za mndandanda wa mapulogalamu otchuka sindinena zambiri. Mupezamo WhatsApp ndi TikTok, zomwe muli nazo kale. Tsamba la Today la mu App Store ya pa iPhone, lomwe linayamba mu 2017, nlabwinoko chifukwa amasankha ndi anthu, koma amasankhira dziko lonse, osati inu.

Ine ndimayambira kunja kwa sitolo. Ndimafunsa munthu amene amagwira ntchito yofanana ndi yanga, chifukwa iye amakuuzanso zomwe zimamunyansa pa pulogalamuyo, zomwe wotsatsa malonda sanganene. Ndikatero ndimaonera pa YouTube mmene imaonekera mkati. Nkhani zija za "mapulogalamu khumi opambana" ndimaziwerenga mokayikira, zina amazilemba kuti apezepo kangachepe.

Mukatsala ndi mayina awiri kapena atatu, bwererani kusitolo. Apa mpamene pali ntchito. Ndemanga za nyenyezi zisanu zisakunyengeni, zina nzogula. Za nyenyezi imodzi amalemba munthu atapsa mtima. Werengani za nyenyezi ziwiri ndi zitatu, makamaka zaposachedwa, mumamva zenizeni. Onaninso tsiku lomwe anaikonza komaliza. Ngati papita zaka, mwini wake anaitaya. Dzina la kampani muliwerenge bwino, poti akamberembere amatengera chizindikiro cha pulogalamu yodziwika nkusintha chilembo chimodzi. Kuyambira 2022 Google Play ili ndi gawo la Data safety losonyeza zomwe pulogalamu imatenga pafoni panu, ngakhale amalembapo ndi eni ake omwewo.

Nanga APK, fayilo yoikira pulogalamu pafoni ya Android osadzera kusitolo, yomwe mnzanu wakupatsirani? Imapulumutsa deta, inde, koma simudziwa yadutsa m'manja mwa ndani. Ngati mukufunadi zakunja kwa Google Play, yesani sitolo ina ya mapulogalamu yotchedwa F-Droid, yomwe yakhalapo kuyambira 2010 ndipo mumakhala mapulogalamu aulere omwe aliyense angathe kuunika kapangidwe kake.

Pa yanu ya ndalamayo, ikayamba kupempha manambala a anzanu kapena zithunzi zanu zonse, ichotseni muyese yachiwiriyo.