Kwa achimwene a Toyota 86 amene mukufuna kuiveka carbon fibre

Achimwene, mwati 86 yanu yafika kudzera pa Songwe, ndipo mukufuna kuikapo lip ya kutsogolo (mlomo woika kunsi kwa bampala), ma side skirt (zoika kunsi kwa zitseko) ndi spoiler (kaphiko) ya pa buti, zonse za carbon fibre, nsalu ya ulusi wa carbon yolimbitsidwa ndi guluu. Funso lanu n'lakuti tepi yokha ingagwire kapena mpaka kuboola bampala. Ndiyankha, koma mundilole ndikutsutseni kaye pa nkhani ya lip.

Galimoto imeneyi inachoka kufakitale ili yogwa kale. Kuchokera pansi kufika kumimba kwake ndi masentimita 13 basi. Mukaonjezerapo lip, mlomowo ukutsika komanso ukutalikira kutsogolo, ndiye ganizirani mahampu a m'tauni muno, polowera pomwetsa mafuta, kapena misewu yafumbi ya ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo mvula ikaikumba. Carbon ndi yolimba zedi, koma kupindika siidziwa. Ikagunda imang'aluka, ulusi wake n'kunyenyeka ngati mphasa yakutha, ndipo ngakhale mmisiri aimate bwanji, pomatapo pamaonekabe chifukwa kukongola kwake konse kuli m'mizere yolukana ija. Lip ya polyurethane, pulasitiki yofewa, ikakhula pansi imapinda n'kubwerera, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Ine ndikanakhala inu, kumunsi konse ndikanaika ya pulasitiki yakuda, ndalama ya carbon n'kupita nayo kumtunda: spoiler, zovindikira magalasi a m'mbali, ndi m'kati mozungulira giya.

Boneti ya carbon musavutike nayo. Ya 86 ndi ya aluminiyamu kale, kulemera komwe mungachepetse n'kochepa, chikhalirecho ma boneti ogula padera ambiri amafuna mapini owonjezera kuti asatseguke muli pa liwiro ku Chikangawa.

Musanatumize ndalama, onani chaka cha galimoto. 86 inatuluka mu 2012, ndipo mu 2016 a Toyota anasintha bampala ya kutsogolo. Ogulitsa amalemba zenki pa yakaleyo, kouki pa yatsopano, ndipo lip ya ina siikhala pa inzake. Ya Subaru BRZ nayonso bampala yake ndi yosiyana, ngakhale galimoto ziwirizi zili pachibale. Katundu akalakwika, kumubweza ku Japan kapena ku China mutalipira kale msonkho ku MRA, iwalani.

Uzaninso wogulitsayo akujambulireni kuseri kwa katunduyo, osati kumaso kokha. Carbon yeniyeni yowotchedwa mu autoclave (uvuni wa kufakitale wotentha ndi kupanikiza) imakhala yopyapyala, yopepuka modabwitsa, ndipo mizere imaoneka mbali zonse ziwiri. Yambiri imene ili pamsika ndi fibreglass yokutidwa ndi nsalu imodzi ya carbon pamwamba. Kuseri kumakhala kokhakhala. Imeneyo si yoipa, bola mtengo ugwirizane. Koma pali ina ya pulasitiki wamba yongodindidwa mizere, yosalala kuseri, ndipo ena amaigulitsa mtengo wa carbon osachita nazo manyazi.

Tsopano za kamatidwe. Musasende tepi tsiku loyamba. Yesani kaye chidutswa chilichonse pagalimoto muli awiri, muchigwirize ndi masking tape, mubwerere m'mbuyo muone ngati mbali zonse zafanana. Katundu wogula padera kawirikawiri amasiya kampata penapake, ndipo mukamukakamiza ndi sikuluu kuti atseke mpatawo, polishi ya pamwamba imachita ming'alu pakangopita masabata ochepa. Ndi bwino kupala pang'ono m'mphepete ndi sandpaper.

Zovindikira magalasi, za m'kati ndi ka spoiler kakang'ono kogona pa buti, tepi yomata mbali zonse ziwiri ya 3M VHB imakwana. Koma tepi ili ndi malamulo ake. Pomatapo pasakhale polishi kapena mafuta. Pukutani ndi isopropyl alcohol, ija okonza mafoni amatsukira ma board. Pa pulasitiki ya bampala pakani kaye adhesion promoter, mankhwala othandiza guluu kugwira, apo ayi tepi imangogwira mwamwambo. Ndiye nayi nkhani ya kwathu kuno: tepi imeneyi imafuna kutentha kwa madigiri 21 kupita m'mwamba, ndipo pansi pa 10 guluu wake amauma gwa, osalowerera. M'mawa wa June kapena July kuno ku Mzuzu, nkhungu ili tolo, chitsulo chili zii, mukamata nthawi imeneyo spoiler mukaitola pa Chiweta. Dikirani masana dzuwa liwombe galimoto, kapena tenthetsani mbali zonse ziwiri ndi chowumitsira tsitsi cha alamu. Mukamata tsinikizani mwamphamvu paliponse. Tepi imafika pa mphamvu yake yonse pakatha maola 72, ndiye masiku atatu amenewo anyamata otsuka galimoto asayandikire ndi paipi yawo yamphamvu ija.

Lip, ma side skirt ndi spoiler yoimirira, tepi yokha ayi. Mphepo imazikankha, miyala imazimenya. Pamafunika tepi ndi masikuluu pamodzi, ndipo yambani mwayang'ana mabowo omwe alipo kale kunsi kwa bampala, nthawi zambiri amakwanira. Mukamaboola carbon matani masking tape pamalopo, gwiritsani ntchito nsonga yakuthwa, osakanikiza, ndipo valani chotseka pamphuno chifukwa fumbi lake limayabwa komanso si labwino m'mapapo. Bowo likhale lokulirapo pang'ono kuposa sikuluu, muike washala ya labala kapena pulasitiki, mumange ndi dzanja osati ndi makina. Masikuluu akhale a stainless. Carbon imadutsa magetsi, ndiye ikakhudzana ndi chitsulo wamba kapena aluminiyamu pali chinyezi, dzimbiri limafulumira, ndipo chinyezi kuno sichisowa. Mukaboola buti, pakani penti m'mphepete mwa bowo ndi silikoni kuti madzi asalowe.

Chinanso ndi dzuwa. Carbon yotchipa imasanduka yachikasu n'kuyamba kusupuka. Musanamate, pitani nayo kwa opopera penti akaithire clear coat ya 2K, vanishi yolimba yoonekera mkati; zimatchipa kuposa kudzaichotsa pambuyo.

Tumizani m'gulu muno chithunzi cha bampala yanu chakutsogolo ndi chakunsi, komanso chaka chomwe chili pa mapepala, tikuuzeni ngati ili zenki kapena kouki musanalipire.