Yankho kwa achemwali pa za nyali ya shuga ija

Halo achemwali, ndamva voisi yanu, mukuti mwaona kavidiyo konena kuti kwabwera nyali yochiza shuga ndiye amayi angasiye kudzibaya? Ayi chonde asasiye. Kafukufukuyo alipodi koma a pa WhatsApp awonjezera mchere.

Zili chonchi eti, paja insulin amapangidwa ndi kapamba, ndiye kwa amayiwo sakukwanira nchifukwa chake amabaya. Vuto la jakisoni ndi loti mukabaya mwabaya basi simungabweze, akachuluka shuga amatsika kwambiri munthu nkuyamba kunjenjemera, thukuta, mwina kukomoka kumene. Ndiye asayansi anati bwanji tipeze njira yoti insulin azituluka pomwe akufunika, tikayatsa kuwala atuluke tikazimitsa asiye.

Ku Shanghai ku China mu 2017 anasintha maselo kuti azimva kuwala kofiira, nkuwaika pansi pa khungu limodzi ndi timababu ting'onoting'ono ta LED, ndiye amayatsa ndi foni maselo aja nkupanga insulin, shuga nkutsikadi. Koma mvetsetsani apa achemwali, zinali pa mbewa. Mbewa za mu labu, osati zathu zapandodo zija ayi. Ku Kansas City ku America njira yawo ndi ina, amamanga insulin ku kanthu kena nkubaya pansi pa khungu amangokhala pompo phee, akawalitsa pakhungupo amamasuka pang'onopang'ono, awo anayesa pa makoswe mu 2016.

Kuti zifike pa munthu pali ntchito, khungu lathu ndi lokhuthala kuwala sikulowa patali makamaka kwa buluu, komanso thupi limalimbana ndi maselo achilendo, ndiye munthu amafuna insulin wambiri kuposa kambewa. Palibe chipatala chomwe chikupereka zimenezi, ndiye wina akabwera pa Kamuzu Road ndi katochi kofiira kuti kamachiza shuga musatulutse ndalama, kuwala pakokha popanda maselo aja sikuchita kanthu.

Komanso poti tikunena za kuwala, insulin wa amayiwo sagwirizana ndi dzuwa, ndi kutentha kwa kuno ku Salimaku amaonongeka msanga. Magetsi akathima muike kabotolo m'kapulasitiki kouma nkuika mumtsuko wa mchenga wonyowa pamthunzi, mufiriji musaike kozizira kwambiri kuja akaundana ndiye watha ntchito. Tsiku la sikelo yawo ya shuga mundiuze nditumize ya kabaza.