Kodi "influence" m'Chichewa n'chiyani?

Aphunzitsi ena a sekondale ku Dedza afunsa kuti: "Ana anga akamamasulira chiganizo chokhala ndi mawu a Chingerezi oti influence, aliyense amalemba zakezake. Wina mphamvu, wina chikoka, wina kukhudza. Ndichonge uti?"

Aphunzitsi, cholembera chofiiracho chiyambe chapuma. Mwina ana onsewo akhoza, mwinanso onse alakwa, kutengera chiganizo chimene munawapatsa. Vuto ndi loti Azungu anaunjika zinthu zambiri m'thumba limodzi, pamene ife chilichonse tinachipatsa dzina lake.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, kudzera m'Chifalansa, ndipo tsinde lake limatanthauza kuyenderera kulowa mkati, ngati madzi. Cha m'ma 1300 anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti pali chinachake chimene chimatsika kuchokera ku nyenyezi n'kulowa mwa munthu, n'kumawongolera khalidwe lake ndi tsogolo lake. Anthu a ku Italy ankatinso nyenyezi zomwezo ndi zimene zimabweretsa mliri wa chimfine, n'chifukwa chake anautcha influenza, dzina limene linalowa m'Chingerezi mu 1743. Fuluwenza amene agogo athu ankasimba, uja anapulula anthu mu 1918, ndi mbale wake weniweni wa mawu amene akukuvutitsani m'kalasiwa.

Lero Mngelezi akati munthu ali ndi influence, kawirikawiri amatanthauza kuti munthuyo amasintha maganizo kapena zochita za ena popanda kulamula. Apa ndi pamene mwana wolemba kuti "mphamvu" amaterereka. Mfumu ili ndi mphamvu, inde. Koma m'mudzi mumakhalanso agogo ena aakazi opanda udindo uliwonse, amene akangotsokomola pabwalo, mlandu umatembenuka. Za iwowo sitinena kuti ali ndi mphamvu. Timati mawu awo amamveka, kapena kuti anthu amawamvera.

Chikoka nacho chili ndi malire ake. Chimachokera ku kukoka, ndipo chimanena za chija chimene chimapangitsa anthu kukhamukira kwa munthu: mlaliki wodzaza tchalitchi, woyimba, wandale wodziwa kuyankhula pamsonkhano. Koma simunganene kuti mvula ili ndi chikoka pa mtengo wa chimanga. Pamenepo timangoti mtengo wa chimanga umadalira mmene mvula yagwera.

Chimene ndimafuna ana aphunzire kwambiri ndi ichi: Chichewa chimakonda kutembenuza chiganizo. Chingerezi chimaika patsogolo munthu wosintha mnzake, ife timaika patsogolo wosinthidwayo. Pamene iwo akuti "his father influenced him", ife timati watengera bambo ake. Pamene akuti mnyamata ali ndi anzake amene ndi "bad influence", mayi wa ku Ntcheu sangafunefune dzina la chinthucho. Angoti mwanayu akutengeka ndi anzake, kapena anzakewo akumuwononga, n'kuwonjezera kuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Taonani kusiyana kwa kutengera ndi kutengeka. Kutengera kungakhale kwabwino kapena koipa, make mbuu mwana mbuu. Kutengeka nthawi zambiri kumanunkha kupepera, ngati chitsotso chopita ndi madzi.

Nanga "kukhudza"? Awa ndiye mawu amene omasulira nkhani mothamanga awatopetsa. Chilichonse chikukhudza chilichonse. Si olakwika, koma sanena kuti chasintha n'chiyani. Mwana akalemba choncho, mufunseni kuti chakhudza motani.

Palinso "chisonkhezero", chimene mumachipeza m'mabuku ena omasuliridwa. Kusonkhezera ndi mawu okoma, ochokera pamoto, pomwe timakankhira zikuni kuti ziyake bwino. Amakwana pamene wina akukolezera mkangano kapena akukankhira mnzake kuchita chinthu. Koma "chisonkhezero cha makolo pa ana" sindinamvepo munthu akunena pamtondo kapena m'minibasi.

Bambo wina amene amayendetsa galimoto ku Johannesburg naye afunsa za mawu oti "under the influence" amene anawaona pa chikalata cha apolisi.

Achimwene, pamenepo palibe za nyenyezi kapena chikoka. Ndi njira yaulemu, komanso ya m'malamulo, yonenera kuti munthu waledzera kapena wagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Mawu oti mowa amangowameza, poti aliyense akudziwa. Ku America mlandu wa "driving under the influence" amaufupikitsa kuti DUI. Kwathu kuno ndi kuyendetsa galimoto utaledzera, basi.

Funso lomaliza lachokera kwa mtsikana wa ku Zomba: "Anthu a pa TikTok ndi Facebook aja amatchedwa influencer, tiziwatcha chiyani?"

Mwanawe, achinyamata anzako akunena kale kuti "ma influencer", ndipo ine sindilimbana nawo, poti sitolo, sukulu ndi kompyuta tinabwerekanso chimodzimodzi. Pa wailesi mumamva "anthu otchuka pa masamba a mchezo". Izi ndi zoona koma zaperewera, chifukwa kutchuka ndi theka chabe la ntchito yawo. Makampani amawalipira kuti akope owatsatira kugula mafuta odzola, zovala kapena mabandulo a foni. Choncho ngati nkhani yako ikunena za ndalama, lemba kuti otsatsa malonda pa intaneti. Ngati ikunena za mmene anthu amawamverera, lemba kuti anthu achikoka pa masamba a mchezo. Ndipo ukamatchula mawu a Chingereziwo, kweza mawu pa "in" woyambayo osati pa "flu", monga ambirife tinazolowera.